Maso akalamba koma mfuti ikadali bwino: tisinthe chiyani pa gogodela?

Bambo a Tadala (Erie): Moni nonse pagulu. Funso langa likupita kwa akuluakulu amene mumasaka agwape ndi mfuti za gogodela kuno ku America. Yanga ndi flintlock (ija yoyatsa wonga ndi mwala) ya .50, Lyman Great Plains. Mfutiyo ilibe mlandu, masana pa range (malo oyeserera kuwombera) imaunjika zipolopolo malo amodzi. Mlandu uli ndi maso angawa. Ndadutsa zaka 50, ndiye ndikakhala m'tchire dzuwa litangolowa, kamphanda kolunjikira kam'mbuyo kamangooneka mbuu, pomwe kachitsulo kakutsogolo kamasowa ndikakaloza pa ubweya wa gwape. Nyengo ya flintlock kuno ku Pennsylvania imayamba Khirisimasi ikangotha, ndipo sikopu (galasi la pa mfuti loonera patali) ndi yoletsedwa. Ndisinthe chiyani? Sindikufuna kutaya madola pa chinthu choti sichindithandiza.

Kondwani (Indianapolis): Madala, gulani inline, gogodela yamakono ija, muikepo sikopu, nkhani yatha kkkk. Kuno ku Indiana amalola.

Bambo a Tadala (Erie): Mwana iwe, Erie anasamukira liti ku Indiana? Werenga bwino.

Malume Phiri (South Bend): Musamuyankhe ameneyo, mfuti yake ija imangotchedwa gogodela chifukwa cha pepala la boma basi. A bambo a Tadala, musanagule kalikonse ndiuzeni kaye: kamphanda kam'mbuyo ndi kamtundu wanji? Ndi kaja ka nyanga ziwiri zopindika amati buckhorn?

Bambo a Tadala (Erie): Eya malume, komweko.

Malume Phiri (South Bend): Yambirani pamenepo. Nyanga zimenezo zimaoneka bwino mfuti ikapachikidwa pakhoma, koma m'tchire zimakubisirani theka la nyama. Gwape akaima pakati pa mitengo mumafunika kuona thupi lake lonse, mudziwe kumene wayang'ana ndiponso chimene chili kuseri kwake. Ikani kamphanda ka pamwamba pafulati, kenako mutenge tupa yaying'ono mukulitse mpata. Akale ankadula mpata wopyapyala ngati tsitsi chifukwa anali anyamata, maso ali gwa. Ife timafuna kuti kuwala kuzioneka mbali zonse ziwiri za kachitsulo kakutsogolo. Mpata ukakula musaope kuti muziphonya, diso limaika lokha kachitsulo pakati malinga kuwala kwa kumanja ndi kwa kumanzere kukhale kofanana.

Chachiwiri, sunthani kamphandako kapite kutsogolo, kutali ndi diso. Mukapita ku Friendship kuno ku Indiana, kumene bungwe la owombera gogodela la NMLRA limachitira mipikisano yake mu Juni ndi mu Seputembala, mukayang'ane mfuti zakalekale zimene anthu amabwera nazo. Zina mudzapeza zili ndi zipsera pa mpope: pamene panali kamphanda anatsekapo ndi kachitsulo, n'kudula mpata wina kutsogolo, kenanso wina kutsogolo kwake. Mwini wake ankakalamba, kamphanda n'kumayenda naye. Vuto lanuli alenje a ku Lancaster County anali nalo kale m'zaka za m'ma 1700.

Nachisale (Pittsburgh): Pepani ndilowerere, ine sindisaka koma ndimagwira ntchito kuchipatala cha maso, ndipo amuna anga ndi amene anandilowetsa pagulu pano. Zimene akunena malume zili ndi chifukwa chake. Diso silingaone bwino zinthu zitatu zotalikirana nthawi imodzi: kamphanda, kachitsulo kakutsogolo ndi gwape. Mnyamata amaona ngati akuziona zonse chifukwa diso lake limadumpha msangamsanga pakati pa zitatuzo. Munthu akadutsa zaka 40, kagalasi kam'kati mwa diso kamayamba kuuma, sikapindikanso kuti kaone zapafupi. Choyamba kutayika ndi chimene chili pafupi kwambiri, n'chifukwa chake kamphanda ndi kamene kamayamba kuchita mbuu. Kukamada zimanyanya, chifukwa kamwana ka diso kamatseguka kwambiri, ndipo kakatero mtunda umene zinthu zimaoneka bwino umachepa.

Yesani izi musanagule chitsulo chilichonse. Tengani tepi yakuda ya amagetsi, muboole kabowo kozungulira bwino, kokula pafupifupi 1/16 ya inchi, mumate pa magalasi anu pakona yam'mwamba chakumphuno, pamene mumayang'anira tsaya likakhala pa mfuti. Mukaona kuti kamphanda ndi kachitsulo zayera, ndiye kuti mwadziwa chimene diso lanu likufuna. Kuli kachipangizo kotchedwa Merit kamene kamamatidwa pa magalasi, bowo lake limakula n'kuchepa, koma ntchito yake ndi yomweyo.

Kondwani (Indianapolis): Ndiye madala aziyenda m'tchire ndi tepi kumaso ngati wakuba kkkk

Nachisale (Pittsburgh): Achimwene, inunso zaka zikubwera, sungani uthenga wangawu.

Bambo a Tadala (Erie): Zikomo mayi. Ine ndimavala magalasi aja a progressive, oonera patali ndi pafupi pomwe. Ali ndi vuto?

Nachisale (Pittsburgh): Powombera amavutadi. Mbali yowerengera ili m'munsi, pomwe inu mukaika tsaya pa mfuti mumayang'anira m'mwamba. Mukayesa kudzutsa mutu kuti mupeze mbali yowerengera, tsaya lachoka pamalo pake. Pitani kwa dokotala wanu wa maso mumuuze mtunda wochokera pa diso kufika pa kachitsulo kakutsogolo, muyeze kunyumba ndi tepi yoyezera, musanyamule mfuti kupita nayo kuchipatala chonde. Ambiri amawawonjezera mphamvu yochepa chabe, ngati +0.50 kapena +0.75, pa diso lowombera nalo. Yoposa pamenepo kachitsulo kadzawala bwino koma gwape adzasanduka chitsa.

Mekaniki (Allentown): Ine ndilankhula mosapsatira. Tepi ndi yabwino pa range masana. Koma bambowa akudandaula za chisisira, ndipo kabowo kakang'ono kamadya kuwala komwe kwachepa kale. Mu Januwale kuno mpweya wanu womwe umachititsa nkhungu pa magalasi, tepi n'kumatuka. Yankho lenileni ndi peep sight, kabowo kokhazikika pa mfuti kufupi ndi diso. Simukayang'ana kabowoko, mumangoyang'anira m'kati mwake, diso limadziika lokha pakati. Zinthu zitatu zija zasanduka ziwiri, kachitsulo ndi nyama. Komanso mtunda wa pakati pa zolunjikira ziwirizo umatalika. Pa mpope wa mainchi 32 ngati wanuwo, kamphanda kali pa mpope kamakupatsani mainchi 22 mwina 24, koma peep ikakhala kumbuyo pa tang, kachitsulo kokhala pa thabwa kuseri kwa mpope, mumafika 33 kapena kuposa. Kulakwitsa komweko kwa diso kumasuntha chipolopolo pang'ono. A Lyman amapanga yoyenera mfuti yanuyo, 57 GPR. Ya Thompson/Center Hawken ndi 57 SML, musasokoneze poitanitsa.

Malume Phiri (South Bend): Apo ndiye mwaiwononga mfuti. Chitsulo cha timawilo ndi manambala pa mfuti ya mtundu wa Hawken? Jacob ndi Samuel Hawken ku St. Louis sanaikepo zimenezo.

Mekaniki (Allentown): Malume, ndi ulemu wonse, gwape saona kukongola kwa mfuti. Ndipo peep si ya dzulo. William Lyman anayamba kampani yake mu 1878 ndi chinthu chomwechi, ndipo mfuti za mpikisano zinali ndi timabowo totere kale iye asanayambe.

Malume Phiri (South Bend): 1878 ndi nthawi ya mfuti za makatiriji, mwana wanga. Flintlock inali itapuma kale.

Mekaniki (Allentown): Chabwino, koma lamulo la Pennsylvania limalola peep m'nyengo ya flintlock, chimene limakana ndi sikopu. Limati mfuti ikhale flintlock ya mpope umodzi, .44 kapena kuposa, chipolopolo chimodzi. Ngati a Game Commission, oyang'anira zosaka kuno ku Pennsylvania, amene anakhazikitsa nyengoyi mu 1974 n'cholinga choti anthu asake mwachikale, akuvomera, ine ndikane bwanji?

Malume Phiri (South Bend): Lamulo limalolanso kudya nsima ndi foloko.

Kondwani (Indianapolis): Kkkkkk malume lero mwadzuka bwino

Mjomba wa ku Denver: Ndalowa mochedwa, ndinali ku shifiti ya usiku. Kuno ku Colorado nakonso sikopu ndi yoletsedwa m'nyengo ya gogodela, amakananso ma sabot (timakapu ta pulasitiki tovekera chipolopolo) ndi wonga woumba timibulu, ndiye nkhani iyi timakhala nayo chaka ndi chaka. Ine ndinaika fiber optic kutsogolo, lamulo lathu limalola. Kaulusi kobiriwira kamasonkhanitsa kuwala, m'mbandakucha kamaoneka ngati kayatsidwa. Wobiriwira ndi amene amachedwa kuzimirira kukamada, wofiira amatha msanga. Koma ndinene zoipa zake, pakuti aliyense amangotamanda. Masana dzuwa likawomba pa sinowo kadontho kamafufuma, m'mphepete mwake osaoneka, ndiye mumalephera kudziwa pamene pali pamwamba pake. Kachiwiri kamathyoka. Mukoke mfuti m'zitsamba kapena igunde chitseko cha galimoto, kaulusi kapita. Ndimayenda ndi kena m'thumba. Ndipo timadontho tiwiri ta fiber ta pa kamphanda kam'mbuyo ndinatichotsa, kwa munthu wa maso ngati athu timangopanga chimtambo chofiira pafupi ndi diso. Kutsogolo fiber, kumbuyo peep, basi.

Malume Phiri (South Bend): Pulasitiki pa flintlock. Ambuye tikhululukireni.

Achimwene a ku Kasungu: Ine ndikungowerenga kuno kumudzi ndikuseka. Agogo athu anali ndi gogodela yopanda kalikonse pamwamba, mpope wosalala m'kati, ndipo nyama inkabwera pakhomo. Inu mukulimbana ndi timawilo.

Malume Phiri (South Bend): Achimwene, agogo aja ankawombera pa mtunda wanji? Mfuti zija, zimene zinkabwera ndi amalonda ochokera kugombe m'zaka za m'ma 1800, zinalibe mizere m'kati mwa mpope. Mlenje ankakwawa mpaka kumva fungo la nyama, ndiye luso linali m'mawondo. Izi tikunenazi zili ndi mizere yopota, chipolopolo chimatuluka chikuzungulira. Ya bambo a Tadala imapota kamodzi pa mainchi 60, yopangidwira chipolopolo chozungulira chokulunga m'kansalu. Pa mayadi 75 imalasa mbale ya pepala mosavuta ngati wowombera akuona. Ndiye kuona n'kofunika.

Achimwene a ku Kasungu: Zoona. Kuno masiku ano ukapezeka ndi gogodela pafupi ndi paki ndiye wapita. Lamulo la zanyama analikhwimitsa mu 2017, pa nyama zotetezedwa kwambiri munthu atha kulowa mpaka zaka 30. Ndipo zimene anthu amasula okha ndi mapaipi zimaphulikira m'manja. Inu sakani konko ndi malayisensi anu, mutitumizire zithunzi.

Bambo a Tadala (Erie): Ndabwerako ku range. Mayi Nachisale, tepi yanu yagwira, kamphanda ndinakaona ngati ndili ndi zaka 25. Koma a Mekaniki ananena zoona, nditadikira kuti dzuwa lipendeke, m'kabowomo munada msanga kuposa kunja. Ndiye ndaitanitsa peep. Malume mundikhululukire.

Malume Phiri (South Bend): Mfuti ndi yanu. Musataye kamphanda kakale, mukasunge m'kabotolo.

Mekaniki (Allentown): Ikafika muone zinthu izi. Choyamba onetsetsani kuti mfuti ilibe kanthu, lowetsani ramrod, ndodo yogogodera ija, muone ngati yafika pa chizindikiro cha mpope wopanda wonga. Ngati simunadule chizindikiro chimenecho pa ramrod, dulani lero. Kenako onani ngati tang ili ndi mabowo ogwirizana ndi peep. Ngati palibe, musatenge dirilo ya m'manja, pitani kwa gunsmith. Bowo likapendeka pang'ono peep idzakhala chopendeka moyo wake wonse.

China chimene ambiri saganiza: mfuti yanuyo mpope wake umachoka potsuka, umakoleka kumbuyo ndi kangowe. Peep ili pa tang, kachitsulo kakutsogolo kali pa mpope. Ndiye mpope ukabwerera mosiyana ndi mmene unalili, zolunjikira zasuntha. Timapini tiwiri tija togwira mpope tizilowa mothina, ndipo kalikonse kazibwerera m'bowo lake, mbali yomweyo. Ikani kadontho pa kamodzi kuti musasinthanitse.

Za kabowo: pamakhala kadisiki kopotera. Ka bowo la .040 ndi ka chandamale masana. Ka .093 ndi kosakira. Kukayamba kuda potolani kadisiki konse muike m'thumba, mutsale ndi bowo lalikulu lija amati ghost ring. Mphete imachita mbuu mpaka kuiwalika, koma diso limapezabe pakati. Pa mayadi 50 kusiyana kwake ndi kochepa moti gwape sangakudziwe.

Nachisale (Pittsburgh): Ndipo magalasi otetezera musawasiye. Pa flintlock moto umayaka pafupi ndi nkhope, timiyala timathetheka. Tsopano mwawonjezera chitsulo patsogolo pa diso, mfuti ikabwerera m'mbuyo. Siyani mpata wokwanira.

Bambo a Tadala (Erie): Yaikidwa. Kamphanda kakale ndachotsa, pamalo pake ndatseka ndi kachitsulo. Koma pali nkhani. Peep ndaitsitsa mpaka pansi penipeni, komabe pa mayadi 50 zipolopolo zikugwa mainchi 8 pamwamba pa pomwe ndaloza. Kumanja ndi kumanzere zili bwino. Ndachita chiyani?

Mekaniki (Allentown): Palibe chimene mwachita, zimatero. Peep imakhala pamwamba kuposa kamphanda, ndiye kachitsulo kakutsogolo kafupika. Lamulo lake ndi ili: cham'mbuyo mumachisuntha kupita kumene mukufuna chipolopolo chipite, chakutsogolo mumachisuntha mosemphana. Mukufuna chipolopolo chitsike, cham'mbuyo chafika kale pansi, ndiye chakutsogolo chikwere. Mwayeza mtunda wa pakati pa peep ndi kachitsulo?

Bambo a Tadala (Erie): Mainchi 33.

Mekaniki (Allentown): Masamu ake ndi a pulayimale. Kuphonya kuchulukitsa ndi mtunda wa zolunjikira, kugawa ndi mtunda wa chandamale, zonse m'mainchi. Mayadi 50 ndi mainchi 1,800. Sitikufuna kuchotsa 8 yense, tisiye mainchi 2 pamwamba pa mayadi 50 kuti chipolopolo chikamatsika chikapeze pakati chakutsogoloko. Ndiye tichotse 6. 6 kuchulukitsa ndi 33 ndi 198, kugawa ndi 1,800 ndi 0.11. Kachitsulo katsopano katalike ndi 0.11 ya inchi kuposa kamene kalipo. Ine ndingawonjezere pang'ono, mwina 0.15, kuti peep isakhale pansi penipeni, mukhale ndi mpata woikweza kapena kuitsitsa mukasintha wonga. Yezani kakaleko ndi caliper, kachida koyezera tinthu tating'ono, kuchokera pansi pa tsinde mpaka pamwamba, muyezenso kukula kwa mpata wake pa mpope. Za kuno zambiri ndi 3/8 ya inchi, koma mfuti zopangidwa ku Italy monga yanuyo nthawi zina zimasiyanako pang'ono.

Pochotsa, mfuti italoza kutali ndi inu, gogodani kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi kachitsulo ka mkuwa, osati msomali. Katsopano kalowe kuchokera kumanja. Kakakana, palani tsinde la kachitsuloko ndi tupa, pang'onopang'ono. Musapale mpope. Kachitsulo ndi ka madola ochepa, mpope ndi mfuti yonse.

Malume Phiri (South Bend): Masamu ndagwirizana nawo, koma ndifunse kaye. A bambo a Tadala, wonga munakhazikika pa muyeso umodzi? Chifukwa ndaona anthu akupala zitsulo Loweruka, Lamlungu n'kusintha wonga, Lolemba n'kumatukwana mfuti.

Bambo a Tadala (Erie): Magireni 80 a wonga wa FFg, chipolopolo cha .490, kansalu ka .018, mu pani (kambale ka pambali poyambira moto) ndimathira wonga wosalala kwambiri wa 4F. Sindinasinthe kuyambira kale.

Malume Phiri (South Bend): Ndiye zili bwino. Anyamata amene mukuwerenga mwakachetechete mumve: choyamba wonga, kansalu ndi mafuta ake, mpaka zipolopolo ziziunjikana, ngakhale ziunjikane pakona ya pepala. Tolani tinsalu timene tagwa kutsogolo kwa mfuti muone ngati tang'ambika kapena kupsa. Zikatero m'pamene mumagwira tupa. Ndipo wonga ukhale wakuda weniweni, Pyrodex savomera moto wa mwala msanga. Wa smokeless musayerekeze n'komwe, mpope umaphulika.

Mjomba wa ku Denver: Popeza mukugula kakutsogolo katsopano, ndi nthawi yosankha mtundu. Ine ndanena kale zanga.

Mekaniki (Allentown): Tiwerengerenso apa, chifukwa anthu amathamangira kadontho kakakulu. Kuchokera pa diso kufika kutsogolo ndi pafupifupi mainchi 36. Kadontho ka 1/16 kamaphimba mainchi 6 ndi pang'ono pa mayadi 100, ndiye 3 pa mayadi 50. Ka 3/32 kamaphimba mainchi 9 ndi kanthu pa mayadi 100. Malo a mtima ndi mapapo a gwape ndi ngati mainchi 8. Ndiye ndi kadontho kakakulu, pa mayadi 100 mwaphimba malo onse amene mukufuna kulasa. Ngati musankha kadontho, kaya ka mkuwa, koyera kapena fiber, konzani kuti chipolopolo chizigwa pamwamba penipeni pa kadontho, osati kuseri kwake. Muziona ubweya umene mukufuna kulasa.

Malume Phiri (South Bend): Apa ndiye mundimvere, peep ndakusiyirani. Kutsogolo ikani cholunjikira chachitsulo chija timati mpeni, ukhale wokhuthala, wa pamwamba pafulati, osati kadontho. Wokhuthala ngati 0.08 kapena 0.10 ya inchi. Pamwamba pafulati pamakuuzani msinkhu mosakayikitsa, pomwe kadontho kozungulira kamasintha ndi kuwala. Mugule wautali, mupite nawo ku range ndi tupa, muwombere katatu, mupale pang'ono, muwomberenso. Kupala kumakweza chipolopolo, ndipo chimene mwapala sichibwerera, ndiye dzanja likhale laulesi. Mukamaliza, palani kumbuyo kwa nsonga mopendeka, mbali yoyang'ana kwa inu, kuti izilandira kuwala kochokera kumwamba. Ena amawotcherera kamkuwa pamenepo. Ine ndimapaka kyutekisi woyera, akauma ndipakenso wa olenji pamwamba pake. Woyera wapansiyo ndi amene amachititsa kuti olenji awale. Pa sinowo wa ku Erie woyera yekha angasowe, n'chifukwa chake olenji. Ndipo tsiku la dzuwa lowala pa range ndimayatsa kandulo n'kudetsa nsonga ndi mwaye. Chitsulo chonyezimira, makamaka siliva uja amaika pa mfuti zokongola, dzuwa likachokera m'mbali chimanamiza diso, mbali imodzi imawala kuposa inzake, zipolopolo n'kuyamba kupita cham'mbali inu mukuti mwina ndi mphepo.

Nachisale (Pittsburgh): Tsopano ndadziwa kumene kyutekisi wanga amapita.

Kondwani (Indianapolis): Kkkkk bambo a kunyumba agwidwa. Koma funso lenileni akuluakulu. Bwanji osaika globe sight, kaja kokhala m'kapaipi, ngati Lyman 17A? Ndinakaona pa mfuti ya munthu wina ku range, amalasa koopsa.

Mekaniki (Allentown): Pa pepala loyera masana n'kabwino zedi. M'tchire kapaipiko kamachita mthunzi pa kachitsulo, ndiye ndendende vuto limene tikuthawa. Sinowo akalowamo ndiye mwatseka.

Mjomba wa ku Denver: Pali china chimene sitinakhudze. Munthu atha kukonza zolunjikira zonse n'kumaphonyabe chifukwa cha moto wa mu pani. Ukangoti phu pafupi ndi diso, thupi limadzidzimuka chipolopolo chisanatuluke, mfuti n'kugwa pansi. Ngati zipolopolo zili bwino pa benchi koma mukaimirira zikupita pansi, musakhudze peep. Semani kamtengo kolimba kofanana ndi mwala, muike m'malo mwa flint, muziyeserera kunyumba mfuti ilibe kanthu, diso lili pa kachitsulo mpaka tambala, kachitsulo kogwira mwala kaja, atagwa. Kachitsulo kasasunthe. Komanso musadzaze pani mpaka kukwirira kabowo ka moto, wonga wochepa umayaka msanga.

Malume Phiri (South Bend): Apo mjomba mwalankhula ngati munthu wopanda pulasitiki pa mfuti.

Bambo a Tadala (Erie): Ndasankha mpeni wa malume ndi kyutekisi. Fiber ndiisunga m'maganizo, ngati olenji sandikwanira ndidzayesa chaka chamawa. Funso lomaliza: poti tsopano ndikuona, ndingafike mayadi angati? Kumene ndimasaka kuli munda wa chimanga chokolola, agwape amatulukira kutsidya, mwina mayadi 120.

Mekaniki (Allentown): Ayi bambo. Peep yakonza diso, sinasinthe chipolopolo. Cha .490 chimalemera magireni pafupifupi 177, ndipo pokhala chozungulira chimataya liwiro msanga kwambiri. Kupitirira mayadi 100 chimagwa mofulumira, mphepo imachikankha, mphamvu yatha. Pa 120 mukhoza kulasa, koma kulasa mwendo kapena mimba, kenako usiku wonse mukulondola magazi ndi tochi, nyama n'kukafera kwa eni munda ena.

Malume Phiri (South Bend): Muyeso wake ndi mbale ya pepala. Ikhomeni pa mayadi 50, muwombere mmene mudzawomberere m'tchire, mutavala chijasi ndi magolovesi, mutatsamira mtengo kapena ndodo, osati pa benchi. Zonse zikalowa, pitani pa 75. Pamene chimodzi chatuluka m'mbale, malire anu ndi am'mbuyowo. Ndipo mukayese nthawi yomwe mumadandaula ija. Lamulo limalola mpaka theka la ola dzuwa litalowa, koma maso anu akhoza kutseka ofesi mphindi khumi lamulo lisanatseke. Mbale ikhale ya khaki, dulani katoni, chifukwa gwape si woyera.

Mjomba wa ku Denver: Ndipo kuwombera koyamba kukhale kwa mpope woyera, wozizira, mutapukuta mafuta onse. Kumeneko ndi kumene kudzapite kwa gwape. Mfuti zina chipolopolo choyamba chimagwa posiyana ndi zotsatira, mudziwe yanu imatani.

Bambo a Tadala (Erie): Ndamva. Ndiye m'malo mowombera kudutsa munda ndisamutse pokhala, ndikakhale kutsidya m'mphepete mwa mitengo momwe amatulukira.

Malume Phiri (South Bend): Mphepo ya kumeneko nthawi zambiri imachokera kunyanja, chakumadzulo. Khalani poti ikuwombeni kumaso.

Kondwani (Indianapolis): Ine ndi sikopu yanga ndingokhala m'galimoto n'kudikira kkkk

Mekaniki (Allentown): Kuwombera uli m'galimoto ndi mlandu, aise, usaphunzitse ana zoipa. A bambo a Tadala, mukayeza mpata wa pa mpope munditumizire nambala ku inbox. Ndili ndi timipeni tingapo ta 3/8 m'bokosi, ngati kena kakukwana ndikutumizirani pa positi Lolemba, musagule.

Bambo a Tadala (Erie): Caliper ndilibe, ndibwereka kuntchito mawa. Ya mamilimita ingathandize?

Mekaniki (Allentown): Ingathandize, 3/8 ndi mamilimita 9.5. Yezani pansi pa mpata pomwe pali potakata, osati pamwamba.